Hampu imodzi cabe, fomu yonse yafafanizika

Pa Ciwili m'mawa ninakwela basi ya ku Matero kupita mu tauni. Tinakhala anayi-anayi monga mwa masiku onse, mapewa atapanikizana, zola zili pa maondo. Pafupi na ine panali amai ena amene anagwila kapepala ku dzanja lamanzele, foni ku dzanja lamanja. Anali kulipila fizi ya mwana wao wa ku koleji pa app ya pa foni, ndipo mmene anali kupumila zinaonetsa kuti tsiku limenelo ndilo linali lothela. Analemba dzina la mwana, nambala yake ya ku sukulu yaitali monga sitima ya katundu, dzina la kosi, na ndalama zofunika. Kutatsala cabe kutinika kabatani kothela, basi inalumpha hampu. Mnzao wa ku windo anawagwela, dzanja linapendama, sikilini inatembenuka n'kugona cam'mbali. Pamene inabwelela, mabokosi onse anali mbee.

"Iyee! Vonse vayenda! Ba dalaiva, yendetsani bwino, mwanifafanizila vintu!"

Kondakita sanacedwe kuyankha. "Amai, hampu sindine n'naika. Kafunseni ba Council."

Basi yonse inaseka, koma amai aja sanaseke. Anayambanso kukopela manambala amodzi-amodzi. Tisanafike mu Lumumba Road, dalaiva anaponda buleki mwadzidzidzi ndipo zija zinacitikanso. Apa m'pamene mnyamata wina wa kumbuyo anatambasula dzanja. "Mami, cosani auto-rotate. Bweletsani nikuonetseni." Amai aja anakayikako pang'ono, paja foni ya ndalama sapatsa mlendo, koma anamulola kuwalozela ali cigwilile foni yao. Ulendo wacitatu fomu inapita, uthenga wotsimikiza unalila, amai anapuma.

Ninatsika basi nili na mafunso. N'cifukwa ciani foni imatembenuka pamene sitinaiuze? N'cifukwa ciani pa vidiyo timafuna itembenuke koma pa fomu sitifuna? Nanga zimene munthu walemba zimapita kuti? Safunsa anadya phula. Pa Ciwelu ninapita ku Kabwata kwa mwana wa alongo anga, amene nchito yake ni kupanga ma app, kuti anifotokozele.

Kalevulo ka mkati mwa foni

Mkati mwa foni iliyonse ya masiku ano muli kacipangizo kochedwa accelerometer, kocepa kuposa njele ya cimanga. Kamagwila nchito monga levulo ya bilikileya, ija ya kathovu ka m'madzi kamene kamaonetsa ngati cipupa capendama. Mphamvu imene imakokela zinthu pansi imakokanso tuzitsulo tosaoneka na maso tuli mkati mwake, ndipo foni imapima kukoka kumeneku mbali zitatu: m'litali, m'lifupi, na kucokela kutsogolo kupita kumbuyo. Ngati kukoka kwalunjika ku matako a foni, ndiye kuti foni yaimilila. Ngati kwalunjika ku nthiti yake, ndiye kuti yagona cam'mbali.

Kacipangizo aka kanachuka kwambili mu 2007 pamene iPhone yoyamba inatuluka, anthu n'kudabwa kuona cithunzi citembenuka cokha. Lelo kali mu Tecno, itel, Infinix na Samsung zimene tigula mu Katondo Street na pa Town Centre, ngakhale zochipa.

Vuto ni lakuti kalevulo aka kalibe maso. Sikadziwa kumene nkhope yanu ili. Kadziwa cabe kumene pansi pali. Ndiye cifukwa cake mukagona pa bedi cam'mbali muli kuwelenga uthenga, sikilini imatembenuka, ngakhale kuti kwa inu zonse zinali bwino. Opanga mafoni anaikonza kuti iziyembekezako pang'ono isanatembenuke, kuti kugwedezeka kwakung'ono kusaisokoneze. Koma mu Hiace yodzala, mmene cigongono ca mnzanu cili m'nthiti mwanu ndipo dzanja lanu lapendama kwa kanthawi, foni imakhulupilila kuti mwaitembenuza dala.

Olamula ali atatu

Mwana wa alongo anga ananikhazika pa mpando, n'kutsegula laputopu. "Amalume, mu nkhani iyi muli ba bwana batatu. Kali ka sensa, muli imwe, elo tili ise bamene tipanga app. Bakamvelana, vonse vili bwino. Bakapusana, ni pamene muyamba kutukana foni."

Woyamba ni kacipangizo kaja. Iko kamangopeleka lipoti kuti foni yaimilila kapena yagona. Waciwili ni inu mwini foni, kupitila pa kabatani ka Auto-rotate. Mukakatseka, mwauza foni kuti isamamvele lipoti limenelo. Wacitatu ni wopanga app, ndipo uyu ndiye ali na mau amphamvu kuposa onse, cifukwa angathe kuika lamulo pa peji iliyonse ya app yake payokha-payokha.

App si cinthu cimodzi. Ili na mapeji ambili: peji yolowela, peji ya mndandanda, peji ya fomu, peji ya vidiyo, peji ya mapu. Pa mafoni a Android, wopanga app amalemba mapeji akulu-akulu mu faelo yochedwa AndroidManifest.xml, ndipo pa peji iliyonse angaike mzele umodzi wochedwa screenOrientation. Akalemba portrait, peji imeneyo imakhala coimilila, ngakhale mutembenuze foni kangati. Akalemba landscape, imakhala cogona, monga mmene masewela ambili a pa foni amacitila. Akalemba user, peji imamvela zimene inu munasankha pa kabatani kanu. Akalemba sensor, peji imamvela kacipangizo kaja cabe, ndipo imatembenuka ngakhale inu munatseka Auto-rotate. Ngati munadabwapo kuona app ina itembenuka pamene munakhoma, foni yanu siinafe. Wopanga app ndiye anasankha kulumpha mau anu.

Pa iPhone njila ni yofananako. Wopanga app amayamba wachula mbali zonse zimene app yonse ilola, ndiyeno peji iliyonse imasankhapo zake pa zimenezo. Peji siingapemphe mbali imene app yonse inakana.

Izi timaziona tsiku lililonse koma sitiziikako nzelu. Tsegulani YouTube Auto-rotate ili yotseka. Mndandanda wa mavidiyo umakhala coimilila. Mukatinika kabokosi kokulitsa vidiyo ya mpila, sikilini imagona yokha kuti muone bwalo lonse. Mukatuluka, imaimililanso. Apo app yasintha lamulo polowa pa peji imodzi, n'kulibweza potuluka. Koma mavidiyo aafupi a TikTok na YouTube Shorts anapangidwila foni yoimilila, conco palibe cifukwa cowagonekela.

Kubweza lamulo potuluka ndiko kumene acinyamata ambili ophunzila nchito iyi amaiwala. Ma app ambili a masiku ano amapangidwa na zida monga Flutter ya Google kapena React Native imene inacokela ku Facebook, kuti munthu alembe kamodzi cabe koma app iseweze pa Android na pa iPhone pomwe. Mu ma app otelo, kawili-kawili foni imaona app yonse monga peji imodzi ikulu. Conco wopanga afunika kuuza foni na pakamwa pake kuti apa gona, apa imilila. Akauza foni kugona pa peji ya vidiyo n'kuiwala kuiuza kuuka, inu mukabwelela ku mndandanda mupeza app yonse yagona, ndipo siiuka mpaka muitseke n'kuitsegulanso.

Kumene fomu ya amai inapita

Funso limene linanivuta kwambili linali la mabokosi aja. Kutembenuka nimvetsa, nanga kufafanizika?

Mnyamata anaseka. "Amalume, munagulitsiwapo na kondakita pa njila?"

Nani wa ife amene sanagulitsidwepo? Mwakwela basi bwino-bwino, mwalipila, ndipo pakati pa njila kondakita aona kuti anthu acepa. Aimitsa basi ina, n'kukuuzani kuti nonse tsikani mukwele iyo. Ngati ni kondakita wabwino, amauza mnzake kuti awa alipila, amai awa atsika pa stesheni yakuti, mudala uyu akali kuyembekeza chenji. Ngati ni wothamangila ndalama, amangotseka citseko n'kutembenuka. Mu basi yatsopano mumakhala mlendo, ndipo chenji yanu yapita.

Android nayo imacita cimodzi-modzi. Sikilini ikatembenuka, foni siimangopotoza cithunzi. Mwa lamulo lake la masiku onse, imagwetsa peji yonse n'kumanga ina yatsopano yoyenelela mbali yatsopanoyo, cifukwa malo asintha: m'lifupi mwakula, m'litali mwacepa, zinthu zifunika kuyalidwa mwina. Zonsezi zimacitika m'kuphethila kwa diso. Isanagwetse peji yakale, foni imapatsa app mpata wosunga zimene munthu anali kucita kuti zipelekedwe ku peji yatsopano. Mabokosi wamba olembamo amadziwa kudzisungila okha ngati anapangidwa bwino, ndipo kucokela mu 2017 Google inapatsa opanga ma app cida cochedwa ViewModel, cimene cimasunga zinthu pamene peji igwetsedwa na kumangidwanso. Zida zilipo. Fomu ikafafanizika, ndiye kuti wopanga app sanauze kondakita watsopano za chenji yanu.

Apa pali ngozi yoposa kulemba kawili. Tiyelekeze kuti mwatinika kale kabatani kotumiza ndalama, kampila kali kuzungulila, ndiyeno sikilini yatembenuka. Pa app yopangidwa mosasamala, peji yatsopano ingabwele yopanda kampila kaja, monga kuti palibe cinacitika, pamene pempho lanu linapita kale. Munthu wa cangu amalembanso n'kutumiza kaciwili. Conco lamulo la m'basi ni ili: zikatelo, musatinike kaciwili. Yembekezani uthenga wotsimikiza, kapena onani balansi coyamba. Kuyembekeza mphindi ziwili n'kochipa kuposa kuthela tsiku lonse pa mzele kupempha kuti akubwezeleni ndalama.

Bwanji osangokhoma zonse?

Ninafunsa funso limene aliyense m'basi muja akanafunsa. Ngati kutembenuka kubweletsa mavuto onsewa, bwanji opanga ma app osangokhoma mapeji onse kuti akhale coimilila, nkhani ithe?

Ambili amacita zimenezo, cifukwa ni mzele umodzi cabe ndipo nchito yatha. Koma kukhoma kumabisa matenda m'malo mowacilitsa. Kutembenuka si cinthu cokha cimene cimagwetsa peji. Mukasintha citundu ca foni, kukula kwa zilembo, kapena foni ikalowa yokha mu maonekedwe akuda a usiku, peji imagwetsedwa n'kumangidwanso. Cinanso, pa mafoni athu a memori yocepa, mukacoka pa app kupita ku mauthenga kuti mukakope nambala yacinsinsi imene akutumilani, foni ingatseke app ija kumbuyo kuti ipeze malo. Pobwelela, app imene siidziwa kusunga zinthu idzakupatsani fomu yopanda kanthu, ngakhale sikilini siinatembenuke n'kamodzi komwe.

Palinso anthu amene kukhoma kumawatsekela kunja. Ganizilani munthu amene foni kapena tabuleti yake inamangililidwa cogona pa njinga ya olemala, ndipo manja ake sangathe kuimasula n'kuitembenuza. App ikaumilila kuimilila, iye afunika kupotoza khosi kuti awelenge. Ganizilani agogo a maso ofooka amene anakulitsa zilembo, ndipo foni ikagona mzele umodzi umakwana mau ambili. Ganizilani a zala zikulu-zikulu amene amalemba bwino kiyibodi ikatambasuka. Ganizilaninso dalaiva wa takisi amene foni yake ili pa kogwilila ka pa dashibodi. Ndipo tisaiwale gulu lathu lalikulu, la masikilini ong'ambika. Ngati kona imodzi ya sikilini yanu inafa ndipo kabatani kofunika kali pomwepo, kutembenuza foni ndiyo njila yokha yokafikila.

Nkhani iyi inafika na ku bungwe la W3C, limene limaika miyezo ya intaneti pa dziko lonse. Mu June 2018 linatulutsa malangizo ochedwa WCAG 2.1, okamba za mmene mawebusaiti ayenela kupangidwila kuti anthu olemala aziwasewenzetsa. Mfundo ya nambala 1.3.4 imakamba kuti zinthu zisakhomeledwe mbali imodzi, kupatulapo ngati mbali imeneyo ni yofunikadi pa nchitoyo. Zitsanzo zimene anapeleka ni monga kujambula cheke ca ku banki na app ya piyano, imene makiyi ake afuna malo aatali.

Google nayo yayamba kuumitsa. Mu Android 16, imene inatuluka mu 2025, ma app opangidwila mtundu umenewu saloledwanso kuumilila mbali imodzi pa masikilini akulu monga matabuleti na mafoni opinda akatambasulidwa. Masewela ndiwo anapatulidwa. Pa mafoni wamba lamulo la wopanga app likali kugwila nchito, koma uthenga wamveka: wopanga app aphunzile kusunga zinthu za munthu, asamathawile ku loko.

Conco njila yabwino ni kuweluza peji iliyonse payokha. Peji ya vidiyo yaitali igone pamene munthu waikulitsa. Peji yojambula khadi ingaumilile mbali imene khadi ikwana. Mapeji ena onse amvele mwini foni, ndipo kulikonse kumene munthu walembako kanthu, cisungike.

Zimene mungacite muli pa mpando

Sitingayembekeze kuti onse opanga ma app akonze zinthu tisanafike pa Kulima Tower. Pali zimene zili m'manja mwathu.

Coyamba, dziwani pamene kabatani kali. Pa Android, kokani cala kucokela pamwamba pa sikilini kupita pansi, nthawi zina kawili, mudzaona Auto-rotate pakati pa tumabatani twa Wi-Fi, tochi na data. Pa Samsung, mukakatseka dzina limasintha kukhala Portrait. Pa iPhone kali mu Control Centre, kooneka monga loko yozungulilidwa na muvi. Pa ma iPhone opanda batani lapansi mumakoka kucokela pa kona ya kumanja pamwamba, pa akale mumakoka kucokela pansi. Musanayambe fomu iliyonse ya ndalama, ya nchito kapena ya sukulu muli m'basi, khomani coyamba.

Caciwili, kukhoma sikutanthauza kuti simudzatembenuzanso. Kuyambila pa Android 9 ya mu 2018, mukagoneka foni Auto-rotate ili yotseka, pa mafoni ambili pamatuluka kacizindikilo kakang'ono pansi kapena pa kona. Mukakatinika, sikilini imatembenuka ulendo umenewo cabe. Mukakanyalanyaza, kamazimilila. Anthu ambili amakaona tsiku lililonse osadziwa nchito yake. Kwa munthu woyenda pa basi iyi ndiyo njila yabwino koposa, cifukwa hampu ilibe cala.

Cacitatu, mafoni ena amalola kuika lamulo pa app iliyonse. Pa Samsung zambili muli Modes and Routines, mmene mungauze foni kuti app yakuti ikatseguka, sikilini izitembenuka, ikatsekedwa ibwelele pa loko. Pa iPhone zimenezi zimacitika mu app ya Shortcuts. Mafoni a Pixel, kuyambila pa Android 12 ya mu 2021, angathe kuyang'ana nkhope yanu na kamela yakutsogolo kuti adziwe ngati mwagona cabe. Ngati foni yanu ilibe zimenezi, mu Play Store muli ma app olonjeza kucita nchito yomweyi. Apa cenjelani. Kuti agwile nchito, ambili amapempha cilolezo cosintha masetingi a foni, codziwa app imene mwatsegula, kapena coonekela pamwamba pa ma app ena. Pa foni imene musungilapo ndalama za Airtel Money kapena MTN MoMo, kupatsa app yosadziwika mphamvu zotelo cifukwa ca vidiyo cabe n'kugula mavuto.

Cacinayi, musathamangile kwa okonza mafoni. Sikilini ikakana kutembenuka, yesani izi mukali na ndalama zanu m'thumba. Tsegulani Auto-rotate, tsegulani Chrome kapena zithunzi, imikani foni patsogolo pa nkhope yanu, ndiyeno muigoneke. Ikatembenuka, kacipangizo kali bwino, ndipo app imene inakana ija inakhomedwa na mwini wake. Palibe wokonza foni angaisinthe. Musayesele pa sikilini yoyamba ya tuzithunzi twa ma app, cifukwa pa mafoni ambili imeneyo siitembenuka pokhapo mutailola mu masetingi. Musayeselenso foni ili gone pa tebulo, pakuti pamenepo kukoka kwa pansi kumalunjika kumsana kwake ndipo siingadziwe mbali. Ngati yakana paliponse, izimitseni n'kuiyatsanso. Ikakanabe, apo m'pamene mungapite nayo kwa wokonza.

Cacisanu cikhudza onse ofuna nchito. Munajambulapo NRC kapena satifiketi ili pa tebulo, n'kupeza kuti cithunzi catuluka cogona kapena cozondoka? Cifukwa cake n'cimodzi-modzi. Foni ikayang'ana pansi siidziwa kumwamba, conco imasunga mbali imene inali nayo pothela. Kamela imamvela kacipangizo kaja ngakhale Auto-rotate ili yotseka. Musanajambule, imikani foni mbali imene mufuna, muone kuti tuzizindikilo twa kamela twaima bwino, ndiyeno muiweletse pang'ono-pang'ono pamwamba pa pepala. Mukatumiza, yang'ananinso mmene caonekela. Foni kawili-kawili imangolemba kacizindikilo mkati mwa cithunzi kokamba kuti kumwamba ni uku, ndipo mawebusaiti ena sawelenga kacizindikilo kameneko. Wolemba anthu nchito amene ali na makalata mulu sadzapotoza khosi cifukwa ca inu. Pa vidiyo, mbali imene mwayamba nayo ndiyo imakhala mpaka pothela, conco sankhani musanatinike kofiila.

Mau kwa acinyamata athu opanga ma app

Lusaka lomba ili na acinyamata ambili olemba mapulogilamu, ena ocokela ku UNZA, ena anaphunzilila pa malo monga BongoHive, imene inayamba mu 2011, ena anadziphunzitsa okha usiku na bando ya data. Ma app a masukulu, a nkhongole, a malonda na a machalichi ambili amapangidwa konkuno. Ici n'cinthu conyaditsa. Koma app imayesedwa mu ofesi, pa tebulo losagwedezeka, pa foni yodula, pa intaneti yothamanga, pamene mwini wake weni-weni ali m'basi ya ku Kanyama, cola pa maondo, netiweki ibwela n'kupita.

Ninafunsa mwana wa alongo anga ngati iye amayesa zimenezi. Anakanda m'mutu. "Kukamba zoona amalume, nthawi zambili timakhoma cabe portrait. Bwana afuna app mailo, manje uzacita bwanji?" Ninamuuza za amai a ku Matero, za kapepala kao na tsiku lothela. Anakhala cete, n'kutenga foni yake, n'kutsegula app imene ali kupanga. Inali isanakhomedwe. Analemba fomu mpaka pakati, n'kugoneka foni. Mabokosi awili anasunga, lacitatu linafafanizika. Sanakambe kanthu, anangokokela laputopu pafupi.

Mayeso amenewa satenga mphindi imodzi. Lembani fomu mpaka pakati, tembenuzani foni. Tinikani kotumiza, tembenuzani kampila kakali kuzungulila. Tulukani pa vidiyo, muone ngati app yauka. Pitani ku mauthenga n'kubwelela. Ndipo ngati mufuna mayeso enieni, kwelani basi pa City Market nthawi ya m'madzulo, mukhale mpando wa kumbuyo, muyese kulipila na app yanu.

Kwa ife okwela, app ikakufafanizilani zinthu musangotukana foni n'kuiwala. Lembani dandaulo mu Play Store kapena kwa eni app, mukambe mwacindunji kuti pa peji yakuti, sikilini ikatembenuka, zolemba zimasowa. Wopanga app akamva mau otelo amadziwa pomwepo pamene pali vuto. Mau akuti app iyi ni yoipa samuthandiza ciliconse.

Pa Mande ninakwelanso ya ku Matero. Tisanafike pa hampu ija, ninaona mtsikana wa yunifomu akoka cala pamwamba pa sikilini ya ambuye ake, n'kutinika kabatani. "Ambuya, manje lembani. Siizatembenuka." Kondakita anali kale pa khomo, kuitana anthu a mu tauni.